Tulo tinabwera chilonda chisanapole

Ndinkadziwa kuti amayi adzuka ndikamva mpando ukukokedwa. Cha m'ma 2 koloko usiku ankatsika pabedi mwakachetechete, n'kukoka mpandowo pang'onopang'ono poopa kundidzutsa, kenako n'kukhala pamenepo mumdima mpaka kunja kuyere. Ndikatuluka kuchipinda kwanga n'kufunsa kuti, "Amayi, mwendo wayambanso?" yankho linali lomwe lija: "Kagone mwanawe, mawa uli ndi ntchito." Sankalira ayi. Ankangogwira bondo ndi manja onse awiri n'kumagwedezeka uku ndi uku ngati munthu wotonthoza khanda.

Chilondacho chinayamba ngati kanthu kachabechabe. Anadzigunda pangodya ya bedi, chakumtunda pang'ono kwa kakolo wa mwendo wamanzere, mbali yam'kati, khungu n'kusupuka pang'ono. Tonse tinati pofika sabata yamawa pakhala patauma. Sabata inatha, mwezi unatha, pabalapo m'malo mouma panayamba kukula n'kumachucha madzi. Amayi anaphunzitsa zaka zoposa 30 ali chiimire pabolodi, ndipo miyendo yawo inali kale ndi mitsempha yotupa, yopotanapotana. Khungu la m'munsi mwa katumba linali litada bii, louma gwa ngati chikopa. Ife tinkangoti ndi ukalamba.

Amene anatifotokozera bwino anali namwino wina wodziwa za zilonda, ndipo anachita kujambula papepala. Magazi akatsikira kumapazi amayenera kukweranso kumtima, ndipo ulendo umenewu ndi wachitunda. Zimene zimawathandiza ndi ziwiri: minofu ya katumba, imene imafinya mitsempha munthu akamayenda, ndi timavavu ta m'kati mwa mitsemphayo, timene timatseguka magazi akamakwera n'kutsekeka kuti asabwerere. Timavavuti tikafooka, magazi amadikha kumunsi, madzi amatulukira mumnofu, mwendo umatupa, khungu limavutika kupeza zolidyetsa. Khungu lotere likang'ambika, mphamvu yodzisoka lokha silikhala nayo. Pafupifupi zilonda 7 mwa 10 zilizonse zosapola za pamwendo zimachokera pamenepa. Zina zimabwera chifukwa mitsempha yotsitsa magazi kuchokera kumtima yaphinjika, zina ndi za matenda a shuga, zinanso za sickle cell, zomwe zimavutitsa ngakhale achinyamata.

Namwinoyo atamva zoti amayi amachezera pampando mwendo uli lendelende, nkhope yake inasintha. Anati munthu amene ululu wake umachepa akatsitsa mwendo nthawi zina amakhala kuti magazi sakufika mokwanira kuphazi, ndipo mwendo wotere ukamangidwa mothina ukhoza kuwonongekeratu. Anatenga kamakina ka Doppler n'kuyeza kuthamanga kwa magazi pamkono ndi pakakolo, kenako n'kuyerekeza manambala awiriwo. Wapakakolo ukagawidwa ndi wapamkono n'kupezeka kuti watsika kuposa 0.8, bandeji yothina kwambiri samanga mwachisawawa. Wa amayi unali bwino. Iwo pampando ankathawirapo chifukwa sankatha kupirira bulangete likakhudza mwendo, komanso chifukwa ululu umamveka kwambiri munthu akagona phee mumdima. Komatu mpandowo ndi umene unkawonjezera kutupa, chifukwa mwendo wa matenda awo umafuna kukwezedwa.

Mankhwala enieni a chilonda chotere ndi kumanga mwendo mothina, kuyambira kuzala mpaka m'munsi mwa bondo, kuti bandeji igwire ntchito imene timavavu tasiya. Njira yomanga mabandeji anayi mosanjikiza inayambira ku Charing Cross Hospital ku London m'zaka za m'ma 1980, ndipo cholinga chake ndi kufinya pakakolo ndi mphamvu ya pafupifupi 40 mmHg (muyeso womwe uja woyezera kuthamanga kwa magazi), mphamvuyo n'kumachepa pokwera kubondo. Zimathandiza, ndipo pa zimenezi palibe mkangano. Vuto ndi lakuti munthu amene chilonda chikumuwawa kale, ukamufinyanso pomwepo, masiku oyamba amamva ngati mwendo waikidwa pamoto.

Tsiku lina m'mawa ndinapeza mabandeji onse anayi ali pansi, atadulidwa ndi sizasi. Amayi anali khale pampando uja, maso ali pansi. "Usandikalipire," anatero. "Ndinalephera." Ine ndinawakalipirabe, ndipo mpaka lero mtima umandipweteka ndikakumbukira. Ndinawauza kuti sakufuna kuchira. Munthu amene analera ana, amene sanajombepo kuntchito chifukwa cha mutu kapena chimfine, ine n'kumuuza kuti sakufuna kuchira.

Zinachitikanso kawiri. Ulendo uliwonse chilonda chinkabwerera pomwe chinali.

Kumene tinkapita koyamba, aliyense ankayang'ana chilonda. Ankachiyeza m'litali ndi m'lifupi, kuona mtundu wake, kulemba m'buku. Za ululu ankafunsa mongodutsa, dzanja lili kale pa bandeji. Sindikuwaimba mlandu waukulu, paja pamzere pankakhala anthu ambiri. Koma chimene chinkawadya amayi sichinali kukula kwa bala. Unali ululu, ndi zonse zimene ululuwo unkakoka. Unali wamitundu ingapo, ndipo iwo ankausiyanitsa bwinobwino. Panali wolemera, wophwanya, umene unkakula dzuwa likamapendeka mwendo utatupa. Panali wina wolasa ngati waya wamoto, wobwera mwadzidzidzi popanda chouputa, womwe pambuyo pake tinamva kuti umachokera ku minyewa imene yakwiyitsidwa kwa nthawi yaitali. Ndiye panali wa tsiku lotsuka chilonda, pochotsa nsalu yomatirira ndi pokanda mnofu wakufa. Umenewu ankayamba kuumva dzulo lake, m'maganizo.

Kuwonjezera apo panali fungo. Nkhani ya fungo anthu sakonda kuikamba, koma ndi imene inawatsekera amayi m'nyumba. Madzi a pachilonda akadutsa bandeji, ankaona ngati aliyense akumva, ngakhale pamene ife sitinkamva kanthu. Anasiya kuyendera anzawo. Alendo akabwera ankakhala chapatali, mwendo ataufunditsa nsalu. Nsapato zawo zinasiya kulowa. Kusamba kunasanduka ntchito yofuna anthu awiri. Mdzukulu wawo akathamanga kuti awakumbatire, ankatambasula dzanja kumuletsa asanafike, poopa kugundidwa. Mwanayo anazolowera kuima patali. Madokotala ali ndi mafomu oyezera mmene matenda asokonezera moyo wa munthu wa tsiku ndi tsiku, ndipo ndi bwino kuti alipo, koma ine ndikafuna kuyeza ndimakumbukira mwana uja ataima pakhomo, manja ali kumbuyo.

Mankhwala akumwa tinayesa. Paracetamol ankangochepetsa pang'ono. Ibuprofen dokotala anawaletsa kumwa nthawi yaitali chifukwa cha impso ndi m'mimba, poona zaka zawo. Amphamvu kuposa amenewa ankawachititsa chizungulire ndi kudzimbidwa, ndipo tsiku lina anatsala pang'ono kugwa popita kubafa.

Namwino wodziwa za zilonda uja ndi amene anayamba kufunsa mosiyana. Asanakhudze bandeji anakoka mpando, n'kukhala, n'kunena kuti, "Mayi, tandiuzani, usiku wathawu mwagona maola angati?" Amayi anati awiri. Iye anati, "Ndiye tiyambire pamenepo. Munthu wosagona sangapirire bandeji." Anasintha zinthu zingapo tsiku lomwelo. Anayamba ndi bandeji yothina pang'ono kuti mwendo uzolowere. Anasintha nsalu ya pachilonda n'kuika yosamatirira. Tsiku lokanda mnofu wakufa ankayamba wapaka kirimu wochititsa dzanzi, wa lidocaine ndi prilocaine, n'kudikira mphindi zoposa 30. Kenako anatchula za acupuncture, njira yochepetsera ululu pobaya tisingano pathupi. Anati pali katswiri wa mafizo amene anaphunzira kubaya tisingano, ndipo odwala ena amati zimawathandiza kugona. Ananenetsa kuti chilonda sichipola ndi singano, koma ululu ukhoza kutsikako.

Ine ndinakana mumtima. Mwendo uli kale ndi bala losapola, wina n'kumati tiubayenso? Usiku umenewo ndinakhala pa kompyuta mpaka mochedwa, ndikufuna kupeza chifukwa chokanira.

Njira imeneyi inachokera ku China, ndipo inalembedwa kale m'buku la zamankhwala lotchedwa Huangdi Neijing zaka zoposa 2,000 zapitazo. Akale ake ankati m'thupi mumayenda mphamvu yotchedwa qi, m'tinjira take, ndipo singano imatsegula pamene patsekeka. Tinjira timeneti odula matupi sanatipeze. Kumaiko a azungu njirayi inatchuka kwambiri kuyambira mu 1971, pamene James Reston, mtolankhani wa New York Times, anadwala ali ku Beijing n'kuchitidwa opaleshoni ya appendix. Ululu wa pambuyo pa opaleshoniyo anamuchepetsera ndi singano, iye n'kulemba nkhani yake m'nyuzipepala. Asayansi anafuna kudziwa chimene chimachitika. Mu 1965 Ronald Melzack ndi Patrick Wall anali atafotokoza kale kuti mumsana muli ngati chipata chimene uthenga wa ululu umadutsapo popita ku ubongo, ndipo uthenga wina, monga wa kukhudza, ukhoza kuchitseka pang'ono. N'chifukwa chake tikadzigunda timatikita pamalopo tisanaganize n'komwe. M'zaka za m'ma 1970 kunapezekanso kuti thupi limapanga lokha mankhwala opha ululu, monga ma endorphin, ndipo ofufuza ena anaona kuti akapereka naloxone, mankhwala otsekereza mphamvu ya zinthu zoterezi, chithandizo cha singano chinkachepa.

Chimene chinandiimitsa kwambiri ndi kafukufuku wa ku Germany amene zotsatira zake zinatuluka mu 2007. Anthu 1,162 odwala msana anawagawa patatu. Ena anabayidwa m'malo ovomerezeka a acupuncture, ena anangobayidwa pamwambamwamba m'malo osakhala amenewo, ena analandira chithandizo cha masiku onse. Patatha miyezi 6, amene anapezako bwino anali pafupifupi 48 pa 100 m'gulu loyamba, 44 m'gulu lachiwiri, ndi 27 m'gulu lachitatu. Ndinawerenga manambalawa kangapo. Singano zenizeni ndi zongoyerekeza zinangotsala pang'ono kufanana, koma zonse ziwiri zinaposa chithandizo chozolowereka. Mu 2012 Andrew Vickers ndi anzake anaphatikiza zotsatira za odwala pafupifupi 18,000, ndipo mu 2018 anawonjezera mpaka kupitirira 20,000. Anapeza kuti acupuncture imaposa kusalandira kanthu ndi mpata wooneka, ndipo imaposa yongoyerekeza ndi mpata wochepa. Odwala amenewa anali a msana, khosi, phewa, nyamakazi ndi mutu. A zilonda za pamwendo munalibe. Ngakhale bungwe la NICE, limene limalangiza zipatala za ku England, mu 2016 linati acupuncture isaperekedwe kwa odwala msana, koma mu 2021 linavomereza kuti ikhoza kuyesedwa pa ululu wokhalitsa umene gwero lake silikuoneka.

Chifukwa chokanira sindinachipeze, ndipo lonjezo sindinalipezenso. Ndinapeza chinthu chimene chikhoza kuthandiza pang'ono, chomwe kuopsa kwake n'kochepa ngati ochita akudziwa ntchito yawo. M'mawa ndinawauza amayi zonse monga mmene ndinaziwerengera, ndi za singano zongoyerekeza zomwe. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Ngati ndingagone, tiye."

Katswiri uja anatha nthawi yaitali akufunsa kuposa imene anatha akubaya. Anafunsa ngati amayi amamwa mankhwala osungunula magazi monga warfarin, ngati ali ndi shuga, ngati magazi amavuta kusiya akadzicheka, ngati anakomokapo poona singano. Anang'amba paketi ya singano ife tikuona, n'kutiuza kuti iliyonse imagwira ntchito kamodzi basi kenako imatayidwa, chifukwa singano yobwerezedwa imatha kufalitsa matenda a chiwindi ndi HIV. Tisinganoto ndi topyapyala kwambiri, pafupifupi kota ya milimita, topanda bowo pakati ngati za jakisoni. Ndinamufunsa mwachindunji ngati abaye pafupi ndi chilonda. Anati ayi. Khungu lotupa ndi lowonongeka silipola msanga, ndipo kabowo kakang'ono pamenepo kakhoza kukhala khomo la tizilombo kapena chiyambi cha chilonda china. Alipo amene amazungulitsa singano m'mphepete mwa bala, koma iye pa mwendo ngati wa amayi anati sangayerekeze. Mtima wanga unakhala pansi pomwepo.

Anabaya padzanja, pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, malo amene amawatcha Hegu. Anabayanso m'munsi mwa bondo la mwendo wabwino, pamalo otchedwa Zusanli, ndi malo ena ochepa pamikono. Akapotoza singano pang'ono ankafunsa, "Mukumva bwanji, mayi?" Amayi anati sikuwawa kwenikweni, koma kulemera kumene kukuyenderera m'kati. Iye anati n'zimene amafuna. Anawasiya ali chigonere mphindi 25, mwendo wodwala uli pamapilo. M'chipindamo munali zii. Pofika pochotsa singano, amayi anali akusinza.

Usiku woyamba mpando unakokedwa monga mwa masiku onse. Sabata yachiwiri chimodzimodzi, kungoti mochedwerapo. Itakwana sabata yachitatu ndinadzidzimuka m'mawa kunja kutayera, n'kuthamangira kuchipinda kwawo ndi mantha chifukwa sindinamve kalikonse usiku wonse. Ndinawapeza ali m'tulo, pakamwa pali yasa, mwendo uli pamapilo awiri, bandeji ili momwemo. Ndinaima pakhomo nthawi yaitali.

Sindikufuna kukokomeza. Namwino ankawafunsa kuti atchule nambala ya ululu kuyambira 0 mpaka 10. Poyamba ankati 8, nthawi zina 9. Pa milungu ya singano ankati 5, tsiku labwino 4. Ululu wolasa uja sunathe, ndipo pamapeto pake dokotala anawapatsa amitriptyline wochepa womwa usiku, amene anathandiza mbali imeneyo. Padzanja pankatsala timikwingwirima masiku ena. Chilonda chenicheni pa milungu yoyambayo sichinasinthe kwambiri. Chimene chinasintha n'chakuti sizasi inabwerera m'dirowa. Bandeji inakhala pamwendo sabata yathunthu, kenako ina, kenako namwino anaithinitsa kufika pa mphamvu yake yonse, amayi n'kupirira. Atagona bwino anayamba kuyenda pang'ono pabwalo, ndipo kuyendako kunadzutsa minofu ya katumba ija. Kutupa kunatsika, madzi anachepa, fungo linachepa nawo.

Mchimwene wanga, amene sakhulupirira msanga, anandifunsa kuti ndikudziwa bwanji kuti zinali singano. Nsalu ya pachilonda inasinthidwa nthawi yomweyo, bandeji inayamba mofewa, kirimu wa dzanzi anabwera, ndipo kwa nthawi yoyamba panapezeka munthu womvetsera. Funso lake ndi loona, ndipo nkhani ya munthu mmodzi singalekanitse zinthu zimenezi. Ndinaganizanso za odwala msana a ku Germany aja. N'kutheka kuti mbali yaikulu ya chithandizocho inali kugona phee kwa theka la ola, mwendo uli m'mwamba, pali munthu amene akukugwira mofatsa pamalo osawawa. Kwa chaka chathunthu, aliyense wovala yunifolomu amene anakhudza amayi ankabwera ndi ululu. Uyu anali woyamba kuwakhudza popanda kuwapweteka. Ine zimenezi sindizipeputsa. Ululu umapangidwa mu ubongo kuchokera ku uthenga wa minyewa pamodzi ndi mantha, kutopa ndi zimene munthu akuyembekezera, ndipo chochepetsa mantha chimachepetsa ululu weniweni, osati wongoganizira. Ndinamuyankha mchimwene wangayo kuti sindingalumbire kuti singano inachita zonse, koma ndikanati ndisankhenso ndikanawaperekezanso.

Pamene ndimaima nji ndi pa anthu amene amalonjeza kuti singano zipoletsa chilonda, n'kumauza wodwala kuti avule bandeji kapena asiye kupita kuchipatala. Ameneyo ndi woti umuthawe. Chilonda cha mitsempha chimafuna kufinyidwa, cha magazi osafika chimafuna dokotala wa mitsempha msanga, cha shuga chimafuna shuga atsike ndi phazi lipumule. Ndipo pali ululu wina umene suyenera kutonthozedwa, chifukwa ndi belu. Ukakula mwadzidzidzi, khungu lozungulira likatentha n'kufiira moyenderera, thupi likatentha, mafinya akachuluka, kapena zala zikazizira n'kuyamba kuda, kumeneko n'kuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo. Chilonda chimene chakana kupola ngakhale chikusamalidwa bwino, kapena chimene m'mphepete mwake mwatukuka modabwitsa, madokotala amadulako kachidutswa kukayeza, chifukwa khansa ya pakhungu nthawi zina imabisala m'chilonda chakale.

Chimene chinatsiriza ntchito kwa amayi chinali china. Atawaunika mitsempha pa sikani anapeza mtsempha wina wapamwamba umene unkabweza magazi kumunsi, ndipo anautseka ndi kutentha kudzera pa kachubu kakang'ono, tsiku lomwelo n'kubwerera kunyumba. Kafukufuku wotchedwa EVRA wa ku Britain, wa anthu 450, amene anatuluka mu 2018, anaonetsa kuti amene anatsekedwa mitsempha yotere msanga, akuvalabe bandeji, theka la iwo anali atapola pofika masiku 56, pamene odikira zinawatengera masiku 82. Ndikanadziwa zimenezi kale ndikanafunsa za sikani m'mwezi woyamba. M'mphepete mwa chilonda munayamba kuoneka kakhungu katsopano kotuwa, kopyapyala, kakuyenda kulowera pakati mochedwa kwambiri moti unkachita kuyerekeza ndi chithunzi cha sabata yatha kuti uone. Namwino ankati kuona maso a nkhono n'kudekha. Chinatsekeka patatha miyezi 16 chiyambireni.

Singano anasiya okha chilonda chisanatsekeke. Pambuyo pa maulendo 10 anati, "Zakwana, mwanawe. Tulo ndikutipeza ndekha tsopano." Katswiri uja sanawakakamize. Anangoti ululu ukadzabweranso khomo ndi lotsegula.

Zilonda zamtunduwu zimakonda kubwerera, choncho sokosi yothina ndi ya moyo wonse. Amaivala m'mawa asanatsike pabedi, mwendo usanatupe, ndipo ndi yolimba moti zala zawo sizikwanitsa. Ndiye m'mawa uliwonse ndimagwada pambali pa bedi, ndimapinda sokosiyo mpaka kuchidendene, n'kuikweza pang'onopang'ono kudutsa pachipsera chija, chimene chili chosalala ndi chotuwa ngati pepala. Lero mdzukulu wawo anakwera pabedipo n'kukhala mowatsamira, akuonerera. Amayi anamukumbatira ndi dzanja limodzi, linalo akuloza kuphazi. "Kokanso pang'ono," anandiuza. "Pachidendenepo pakwinyika."